Fodya wa pachala ku Chelstone

Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Iwo ankanena za fodya wopera. Kuno ku Chelstone fodya wathu ndi nyumba, ndipo vuto lake ndi loti nyumba silowa m'mphuno.

Amalume anga anagula nyumba yawo m'nthawi ya Pulezidenti Frederick Chiluba, pamene mu 1996 boma linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa omwe ankakhalamo. Mtengo wake unali woti ngakhale mbuzi ikanadandaula kuti yanyozedwa. Kuyambira tsiku limenelo mawu oti "yanga" sachoka pakamwa pawo. Geti yanga, mpanda wanga, mango anga. Thanki yaitali yamadzi ija, imene aliyense wodutsa pa Great East Road amaiona, amainenanso ngati anaimanga okha.

Tsiku lina mdzukulu wawo anabwera ndi buku la John Galsworthy lotchedwa The Forsyte Saga, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922. Anawafotokozera za Soames Forsyte, loya wa ku London amene ankawerengera chilichonse ngati katundu: zithunzi za pakhoma, ndalama, ngakhale mkazi wake Irene. Amalume anagwedeza mutu. "Ameneyo ndiye mwamuna," anatero.

Mwanayo anapitiriza. Soames anamangitsa chinyumba ku Robin Hill kuti akabiseko mkaziyo. Mkazi n'kukondana ndi Bosinney, yemwe anajambula pulani ya nyumbayo. Soames sanakhalemo, anaigulitsa kwa abambo ake aakulu. Patapita zaka Irene anakwatiwa ndi mwana wa abambo aakuluwo, n'kukakhala m'nyumba yomweyo. Fodya anapera ndi Soames, woyetsemula anali wina.

Amalume anakhala chete, kenako anafunsa ngati mzungu wolembayo anakhalako ku Lusaka.

Funso lawo silinali lopusa. Mabanja a mtundu wa Forsyte tili nawo ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene agogo anabzala maluwa pabwalo lalikulu, adzukulu n'kuzula maluwawo kuti amangepo mafulati anayi. Ku Chelstone kwathu timachita zomwezo mwaumphawi: kuseri kwa nyumba timamanga tizipinda ta lendi mpaka nkhuku kusowa pofukula. Amalume ali nato tisanu. Ana awo awiri ali kunja, amaimba foni pa WhatsApp kufunsa za umoyo wa adadi, koma asanatsanzike amafunsanso kumene kuli mapepala a nyumba.

Ndiye pali lamulo la 1989 lonena za chuma cha munthu womwalira osasiya wilo: theka kwa ana, 20 peresenti kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa omwe ankadalira malemuyo. Nditawawerengera amalume, anafunsa kuti nanga mwini wake gawo lake ndi liti. Ndinawauza kuti mwini wake amakhala atapita kale kumanda a ku Leopards Hill.

Sanaseke. Madzulo ake anatuma mwana kukagula nyama ya mbuzi, anaidya okha pakhonde, fupa n'kuliphwanya.

Gawo lomaliza la buku lija dzina lake ndi To Let. Mawu omwewo alembedwa ndi choko pa geti ya amalume, chifukwa kachipinda kachisanu ndi chimodzi katha sabata yatha.