Ulemu kwa Kaloko ka Memori Khadi

Tivule zipewa, anthuni, tilemekeze kaloko kaja kali m'mbali mwa adaputa ya memori khadi. Ntchito yake akuti ndi kuletsa kuti zinthu zathu zisafufutidwe. Ndani wina pa Chileka pano ali ndi udindo wolemera chotere?

Anyamata obena nyimbo pa Lirangwe amakadziwa bwino. Walipira kale, makwaya wasankha, wakabaza akuliza belu panja, basi kompyuta yakana: khadi ndi lokhoma. Mnyamata asolola, akankhira kaloko m'mwamba ndi chikhadabo, auzira mpweya kawiri. Pobwezeretsa, kaloko katsetserekanso kokha. Mlandu wake umatha ndi selotepi.

Koma ulemerero wake weniweni ndi uwu: kalokoka sikanalumikizidwe ku chilichonse m'kati mwa khadi. SanDisk, Panasonic ndi Toshiba atabweretsa khadi la SD mu 1999, ntchitoyi anaisiyira bowo lolandira khadi. Kachitsulo ka m'bowomo ndiko kamakhudza pomwe kaloko kaima, n'kutsina khutu pulogalamu yoyendetsa khadi, ndipo pulogalamuyo ikafuna imamvera, ikafuna ayi. Ndi mlonda wovala yunifolomu, wopanda chibonga ngakhale wenzulo. Kakhadi ka microSD ka m'mafoni mwathu kalibe n'komwe loko, koma kakugona tulo tabwino.

Nkhani imakoma ikafika kwa akatswiri a Linux, yomwenso ndi phata la Android. Popeza opanga makina amalumikiza mawaya aliyense m'mene wafunira, pali chikalata chotchedwa device tree chofotokozera pulogalamu khalidwe la waya aliyense. Akalembamo kuti wp-inverted, ndiye kuti uthenga wa kaloko uzimvedwa mozondoka: eya wake ndi ayi. Akalemba broken-cd, avomera poyera kuti makinawo sadziwa ngati khadi lalowa, choncho pulogalamu izingosuzumira m'bowo sekondi iliyonse.

Kuona mtima kumeneku ndimakusirira. Bwana uja wa pa ofesi ina m'tauni akadamata kapepala pachitseko koti "bwerani mawa" wake azimvedwa mozondoka, bwenzi ndalama za minibasi tikugulira ndiwo. Ife ndiye tasanduka osuzumira, tsiku ndi tsiku, ngati fayilo yalowa.

Nanga aneba anga okondedwa aja? Anabwereka khadi la nyimbo za pa ukwati wanga kuti akavine pa chinkhoswe, labwerako lodzaza mafilimu a karate. Ndikafunsa, akuti, "Achimwene, munaiwala kukhoma." Ndinakhoma ine, ndi chikhadabo changa chomwe, kungoti iwo anasolola kakhadi m'adaputa n'kukaponya m'foni, kaloko n'kutsala pa windo kakulondera chibowo chopanda kanthu.

Aneba, kaloko musakanamizire, kanagwira ntchito yake mokhulupirika. Pitani pa Lirangwe mukandibenerenso nyimbo zanga Loweruka lisanafike, ndipo ya kabaza mulipire nokha.