Wofunsa nayenso akudya phula

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Munthu adampatsa chisa cha njuchi, iye chifukwa cha manyazi kapena matama sadafunse kadyedwe kake, adangotafuna n'kumeza zonse. Mwambiwu taunena mpaka ana aumva, moti masiku ano aliyense amafunsa. Wina amafunsa Google, wina gulu la WhatsApp la kumpingo, wina amaimba foni ku wailesi usiku pakati. Koma phula likudyedwabe, ndipo ambiri olidya ndi omwe afunsa kumene. Chimene akuluakulu aja sadatiuze n'chakuti mafunso ali ndi mitundu yake.

Talowani m'kalasi ya Sitandade 7 pa nthawi ya kumvetsa nkhani. Aphunzitsi alemba kandime pa bolodi: Mayi Nambewe adaphika nkhuku. Atamva njinga yamoto ikuima pabwalo, adakankhira mphika uja pansi pa bedi, n'kutulutsa mbale ya bonya.

Funso loyamba, Mayi Nambewe adaphika chiyani? Manja onse m'mwamba, zala zikulira, "Ine sala! Ine sala!" Lachiwiri, mphikawo adauika kuti? Ngakhale uja amagona kumbuyo wadzuka, naye akufuna ayankhe. Lachitatu, n'chifukwa chiyani adaubisa? Kalasi yonse zii. Kenaka mmodzi wolimba mtima aimirira, akonza kolala, ndi ulemu wonse:

"Sala, pamenepo simudalembe."

Ameneyutu ndi mwana amene kwawo akatumidwa kukabisa mphika sadikira kuti amuuze chifukwa. Amangoona diso la mayi ake, basi mphika wasowa.

Kunyumba ana athu ndi akatswiri omva zimene sizidanenedwe. Mayi akafunsa kuti, "Kodi mbalezi zidzitsuka zokha?" palibe mwana amayankha kuti ayi, mbale zilibe manja. Amene adayesapo ali ndi mbiri yake. Bambo akalowa m'nyumba osayankha moni, nkhani ya ndalama ya yunifolomu imadikira mawa popanda msonkhano uliwonse. Mlendo akati dzuwa lapendeka, mwana amadziwa kuti si za nyengo, akaitane mayi adzaperekeze. Ndipo akakula adzapeza kuti dziko lonse limayenda choncho. Woitanira minibasi akamakuwa kuti watsala mmodzi, ndiye kuti atsala asanu ndi awiri, ndipo atatu mwa amene akhala m'katimo ndi anzake ongodzazitsa mipando. Wokongola ndalama akati ndili pafupi, sadasambe n'komwe. Telala akati mubwere mawa, nsalu yanu sadaidule. Wa pa ofesi akayang'ana fayilo yanu n'kunena kuti kunja kwatenthatu lero, musamuyankhe kuti ndi Okutobala. Munthu womva mawu monga anenedwera sangathe sabata mu Limbe.

Nanga luso lonseli limatsala kuti mwana akavala yunifolomu? Limatsala pa khomo la kalasi, ndipo si kupusa kwa mwana. Pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere mu 1994, ana m'sukulu adachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo mpaka lero makalasi ambiri ngodzaza. Mphunzitsi amene ali ndi mulu wa makope ofika m'chiuno amakonda funso la yankho limodzi, loti achonge uku akumwa tiyi. Ndani angamunene? Funso loti n'chifukwa chiyani limabweretsa mayankho makumi asanu osiyana, lililonse lofuna kuliwerenga mpaka kumapeto. Onjezerani kuti m'makalasi akuluakulu maphunziro ambiri ali m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 akusuzumira pawindo. Mwana amatulukira njira yachidule: yang'ana liwu limene lili m'funso, ulisake m'ndime, ukalipeza koperatu chiganizo chonsecho. Njirayi imapatsa malikisi ndithu, n'chifukwa chake siifa. Mwanayo wafunsidwa, wayankha, wachongedwa, koma chimene wameza ndi phula.

Ku America, m'zaka za m'ma 1980, mphunzitsi wina wa za kawerengedwe, Taffy Raphael, adaona kuti ana ambiri amalephera chifukwa sadziwa kumene yankho limakhala. Adagawa mafunso m'magulu anayi. Ena yankho lake lili pomwepo m'chiganizo chimodzi. Ena uyenera kutola zidutswa m'malo angapo a nkhani n'kuzilumikiza. Ena umaphatikiza zimene wolemba wanena ndi zimene iwe ukudziwa kale. Otsalawo ndi a maganizo ako, oti ungayankhe ngakhale nkhaniyo usadaiwerenge. Mwana asadayankhe, ayambe wanena kuti funsolo ndi la gulu liti.

M'kalasi mwathu muja, momwe buku limodzi amagwirizira ana atatu, zimenezi sizifuna chipangizo china choposa chala. Yankho ukatha kuliphimba ndi chala pa bolodi, ndi la mtundu woyamba: nkhuku, pansi pa bedi. Chala chikasowa pogwira, usathamangire kunena kuti sadalembe. Loza zimene zilipo, njinga yaima, mphika wasowa, bonya watuluka, ndiye uwonjezere zimene ukudziwa za alendo ofika nthawi ya nkhomaliro.

Koma chenjerani, aphunzitsi, chifukwa mukangotsekula khomo limeneli mulowa zambiri. Ana akangomva kuti nzeru za kunyumba n'zololedwa, dzanja lina lidzakwera:

"Sala, wabwerayo ndi apongozi ake. Adayambana chaka chatha pa nkhani ya feteleza, ndiye sayankhulana."

Kalasi yonse m'manja. Mwanayu ali ndi tsogolo, kaya pa wailesi kaya pa chitsime, koma kumeneku si kumvetsa nkhani. Ndi miseche. Apongozi ali pati m'ndimemo? Feteleza walowera khomo liti? Funso lomubweza ndi limodzi: waloza pati? Kuti mayiyo sadafune kugawana nkhuku ndi wobwerayo, umboni wake uli pa bolodi. Kuti wobwerayo ndi apongozi, umboni wake uli kwawo kwa mwanayo, ndipo mwina ndi bwino tisaufufuze.

Apa ndiye ife akuluakulu tisaseke kwambiri. Chithunzi chikangofika pa WhatsApp cha bambo wina ataima pafupi ndi mayi wina pa depoti, pofika madzulo gulu lawakwatitsa kale, mwana wabadwa, dzina lapezeka. Palibe wafunsa kafunso konyozeka kaja ka Sitandade 3, kakuti pachithunzipa pali chiyani. Yemweyo wodziwa kumasulira kayendedwe ka mkazi wa mnzake, mumupeza akusaina pepala la katapila osafunsa kuti chiwongoladzanja ndi zingati pa mwezi, chikhalirecho chalembedwa poyera ndi manambala akuluakulu. Pofunika kuloza ndi chala timalota, pofunika kuganiza timati sadalembe. Ine ndimaona kuti funso la yankho loonekeratu timalipeputsa msanga. Woweruza milandu wabwino pa bwalo la mfumu amayamba ndi lomwelo, mbuzi idalowa m'munda wa yani, tsiku liti, adaiona ndani, asadafike pa zoti mwini mbuzi ali ndi mtima wotani.

Njira imene imasonyeza msanga ngati ana agwira kusiyanaku ndi kuwasiyira choko. Alembe okha mafunso awiri pa kandime komweko, lina loloza ndi chala, lina lofuna umboni, asinthane ndi mnzawo. Oyamba amatuluka osavuta: pabwalo padaima chiyani, m'mbale mudali chiyani. Kenaka kamtsikana kena ka pakona, kamene sikayankhula chaka chonse, kafunsa:

"Kodi wa pa njingayo adadziwa kuti m'nyumbamo muli nkhuku?"

Kalasi igawikana. Ena akuti adaona nthenga pabwalo. Aphunzitsi akuti nthenga mulibe m'ndimemo, waloza pati? Ena akuti nkhuku yophika siibisika, fungo limatulukira pawindo, ndipo bedi silitseka fungo. Aphunzitsi ayamba kukanda m'mutu, chifukwa polemba kandimeko iwo sadaganizeko zimenezo. Uja wa kumbuyo, osaimika n'komwe dzanja:

"Adadziwa, sala. Nanga akadabwereranji?"