Phukusi Lafika, Koma Lanyowa

Mkamwini wina wa ku Joni anafuna kuti apongozi ake a ku Ntcheu adziwe kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi mphepo. Anagula chitenje, chibotolo cha Vaseline ndi gilisalini, n'kuponya zonse mu jumbo imodzi, n'kupatsira kondakitala pa Park Station. Basi inadutsa Beitbridge, inadutsa Nyamapanda, n'kukaima pa Tete masanasana mwezi wa Okutobala. Amene anadutsako akudziwa. Dzuwa la pa Tete limasungunula ndi mkwiyo womwe, nanji Vaseline wotsekedwa mwachibwana.

Mayi aja atamasula phukusi anaimbira mwana wawo, poti mkamwini sayankhulidwa chisawawa. "Uwauze bambo akunyumbako kuti tathokoza. Chitenje chafika chodzola kale. Tikangovala, basi tadzola."

*

Mnyamata wina anafika pa positi ofesi atatchena, m'manja muli kabotolo ka pefyumu kopita kwa bwenzi lake ku Dublin.

"Achimwene, aka sikakwera ndege," anatero kalaliki. "Muli mowa umu."

"Mowa? Bwana, mtsikanayo ndi wa kwaya!"

Kalaliki anafotokoza mofatsa kuti pefyumu ambiri amapangidwa ndi sipiliti, ndipo sipiliti sachedwa kuyaka. N'chifukwa chake malamulo a Universal Postal Union, omwe mapositi a mayiko amatsatira, amakaniza zinthu zoyaka msanga. Zitini zopopera m'khwapa ndi kyutekisi nazo zili m'gulu lomwelo.

Mnyamata anakanda mutu, anatulutsa kalata, n'kuipopera mpaka kunyowa. "Nanga kalata yoledzera imaloledwa?"

Panatsala kachibangili koti atumize. Pa fomu ya kasitomu, ija ya CN22, pofunsa zomwe zili m'kati analemba kuti "chikondi". Pofunsa mtengo analemba kuti "sichigulidwa".

Kalaliki anawerenga osaseka. "Katundu ameneyu, achimwene, timafuna kumuika pa sikelo."

*

Mayi wina wa ku Area 25 anatumizira mwana wake wa ku sekondale yogonera ufa wa phala ndi sopo wa Lifebuoy m'katoni imodzi, zogundana. Sopo satayika, inde, koma fungo lake limayenda popanda chiphaso. Patapita sabata uthenga unabwera: "Amayi, phala ndikumwa bwinobwino. Vuto ndi lakuti ndikageya m'kalasi, aphunzitsi amafunsa kuti wasamba ndani."

*

Komatu kulongedza bwino sikufuna digiri. Tsegulani botolo, phimbani pakamwa pake ndi kapulasitiki, bwezerani chitsekerero, kulungani ndi selotepi. Botolo lililonse likhale ndi jumbo yakeyake, ndipo liikidwe pakati pa katoni, zovala zitalizinga. Zopita pa ndege samalani nazo kawiri: kumwamba mpweya wa kunja umapepuka, wa m'botolo umafufuma n'kukankha mafuta. Mukatha gwedezani katoni. Mukamva gobedegobede, bwererani.

Ena ndiye amanyanya. Agogo ena anakulunga kalipisitiki kamodzi ndi nyuzipepala za mwezi wathunthu, chiguduli, ndi selotepi yonse ya pa okala ya apaneba. Anaiwala kuti ku positi amalipiritsa kulemera. Atamva mtengo anakhala kaye pansi.

"Mwanawe, ndalama imeneyi si yokwana basi yopita ndi yobwerera?"

"Ikukwana, agogo."

"Ndiye bweretsa, ndikampake ndekha."

*

Nkhani yomwe ine imandipha ndi ya mtsikana wa ku Cape Town. Anaona kuti botolo la mafuta odzola opita kwa amayi ake kumudzi, a mtengo wapatali, likhoza kusweka m'njira. Nzeru zinabwera: anakokolola mafuta onse n'kuwathira m'kontena ya majalini, n'kumata bwinobwino, osalemba kanthu pamwamba. Sanatayike ngakhale dontho.

Lamlungu anaimba foni kumudzi, anayankha ndi bambo ake.

"Ababa, mafuta aja amayi akuwakonda?"

"Mafuta ati, mwanangu? Ife talandira majalini. Kukoma sakoma kwenikweni, koma poti ndi wa ku Joni tikudya ndi ulemu."

"Ababa! Aja ndi odzola!"

Kunali zii pang'ono, kenako mawu anamveka akuloza kukhitchini.

"Amake mwana! Paja alendo a dzulo anapaka magawo angati?"