Kalulu ndi Mnyamata wa ku Wimbe

Pamthunzi wina pafupi ndi depoti ya Mzimba, mnyamata wokonza njinga za kabaza ankamata chubu, kwinaku bambo wachikulire amene onse ankamuitana kuti aphunzitsi akudikira njinga yake. Nkhani inali itafika pa Kalulu, Chitumbuka ndi Chichewa zikulowerana monga zimakhalira kuno.

"Adada, nzeru ndi za Kalulu basi," anatero mnyamatayo. "Anzake akumba chitsime, iye wakana, koma madzi akumwa. Alonda onse anawamanga atawanyengerera ndi uchi."

Aphunzitsi anapukusa mutu. "Mwana wanga, ludzu lija analithetsa ndani? Amene anakumba. Nanga wakubayo anamugwira ndani? Kamba, atadzipaka ulimbo pamsana. Inu ana mumangokumbukira uchi."

Kenaka analoza kumwera. Anati ukangodutsa Jenda walowa m'boma la Kasungu, kwawo kwa William Kamkwamba wa ku Wimbe. Njala ya 2001 mpaka 2002 inamusiyitsa sukulu ya sekondale makolo atasowa fizi. Ali ndi zaka 14 anabwereka buku lotchedwa Using Energy mu laibulale yaing'ono, Chingerezi chikumuvuta, nangotsatira zithunzi. Anatola fani ya thirakitala kudzala la zitsulo, nawongola mapaipi a pulasitiki pamoto, natenga njinga yakutha ya bambo ake ndi dayinamo, nazikweza pamitengo ya bulugamu. Mphepo itawomba, babu linayaka. Zonsezi zili m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind limene analemba ndi Bryan Mealer mu 2009, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor analisandutsa kanema.

"Koma si uja ankamuti wamisala?"

"Yemweyo. Omunenawo ndi amene anadzabwera kudzatchajitsa mafoni."

Ine ndili kumbali ya aphunzitsi, ngakhale Kalulu sindimutaya. Agogo athu anali ndi chifukwa chomukondera: wamng'ono amene amakhala pakati pa Njovu ndi Mkango alibe chida china koma mutu wake. Chondiwawa n'chakuti kuchenjera kwa Kalulu nthawi zambiri kumagwera mnzake wapafupi, ndipo kuno ku Mzimba tikuwadziwa akalulu oterewa. Alipo amene amadyera anyamata ndalama powalonjeza ntchito ku Joni, banja litagulitsa ng'ombe. Nzeru za Kamkwamba sizinalande kanthu kwa munthu. Pambuyo pake zinafikitsa madzi m'mudzi mwake.

Ndinayang'ananso manja a mnyamata uja. Mabuleki a njinga ya aphunzitsi anali atadyeka mpaka pachitsulo, ndipo atsopano analibe. Anadula kachidutswa ka tayala lakale la galimoto, nakasema ndi mpeni, nakakhomera m'malo mwake. Anazunguza gudumu, nakoka buleki, gudumu gwa! Iye amatama Kalulu, komatu ntchito ya manja ake ndi ya okumba chitsime aja, ndipo nthano za anthu ngati iye sitinayambe kuzilemba mokwanira.

Aphunzitsi akupisa m'thumba kuti alipire, mnyamatayo anavundukula bokosi la zitsulo natulutsa dayinamo yadzimbiri.

"Adada, mwati ngati iyi?"

"Ngati imeneyo."

"Ndiye kwathu ku Edingeni mphepo ya mu Julaye imangopita pachabe. Bukulo mukabwere nalo Loweruka, mudzandiwerengere pamene pali mawaya."