Mutu umodzi ndi kireni ya matani awiri

Akale ankalukira pansi denga la nkhokwe, likatha n'kumemeza amuna a m'mudzi kuti adzalinyamule ndi kulikhazika pamwamba. Mpake ankati mutu umodzi susenza denga. Kungoti akalewo sanaone YouTube. Lero bambo wa ku Area 25 amaonera mzungu akuzula injini yekhayekha m'galaja mwake, mphindi 12 zokha, malaya osada n'komwe, ndipo mtima umayamba kumunong'oneza kuti makolo aja chinkawavuta n'kusowa zipangizo basi.

Ndiye injini ya Sienta ikanoka, mkuluyu sapita ku Biwi kapena ku Ndirande kumene amakaniko amakoloweka tcheni buloko panthambi ya mango n'kutsitsa injini dzuwa lisanapendeke. Iye amaitanitsa kireni yakeyake: chitsulo chofiira cha miyendo iwiri yaitali, mkono wa ngowe kumapeto, ndi jeke ya oyilo yopopa pamanja. Pakatoni alembapo matani 2 ndi zilembo zazikulu. Zilembo zing'onozing'ono zili pamkono, pafupi ndi mabowo anayi: 2, 1.5, 1 ndi 0.5. Matani awiri aja ndi pamene mkono waufupikitsa, ndipo pamenepo ngowe imangothera pabampala. Ukautalikitsa kuti ufike pakati pa injini, mphamvu yatsala theka la tani. Kwa kainjini ka aluminiyamu ka malita 1.5, kolemera ngati matumba awiri a chimanga, palibe vuto. Koma amene anaumira n'kugula kireni ya tani imodzi adziwe kuti bowo lomaliza ndi la makilogalamu 250, pamene injini ya dizilo ya Hilux payokha imapitirira 200, giyabokosi tisanaiwerengere.

Tsiku la ntchito, woyamba kukana ndi bwalo. Timatayala ta kireni n'tachitsulo, tating'ono, ndipo anatipangira simenti yosalala. Pakhomo pathu ndi dothi. Injini ikangoti lende m'mwamba, timatayala timazama, kireni osasunthanso ngakhale uitukwane. Nzeru yotsala ndi yoti kireni ikhale pomwepo, galimoto ndiyo ibwerere m'mbuyo. Nanga galimoto yopanda injini imabwerera yokha? Apa mkulu uja amasuzumira pampanda.

"Aneba, mulipo? Tandithandizeniko pang'ono, ndi ya mphindi ziwiri."

Mitu yakhala iwiri. Koma wina ayenera kugwira chiwongolero, wina kukankha, wina kugwirira injini kuti isapite kukapsompsona galasi lakutsogolo, ndipo wina, wa maso akuthwa, azisuzumira pansi kuona waya wa efi kapena paipi ya mafuta imene yaiwalika kumasula. Nthawi zonse pamakhala imodzi yoiwalika. Imadziwika ndi kaphokoso koti thaa! Palinso kavalavu kotsitsira, kamene kamafuna dzanja lodekha: kupotoza pang'ono injini imatsika mwaulemu, kupotoza mokondwa imagwa. Ntchito imeneyi musapatse mlamu wanu amene wabwera atalawako kale.

Pofika masana pabwalo pali anthu asanu ndi mmodzi ogwira ntchito ndi khumi olangiza. Sipalephera kupezeka madala wina amene amati anali kondakitala wa mabasi a UTM, ndipo chilichonse chimene mukuchita iye anachionapo chikupha munthu. Ndi madala yemweyo amene amadikira mpaka mwatopa kuti anene zoona zake, zoti magalimoto ang'onoang'ono ambiri a masiku ano injini amaitulutsira pansi, pamodzi ndi giyabokosi, galimotoyo ataikweza. Anthu onsewa adya nsima. Ena safuna thobwa.

Tsopano sitandi, chida chinzake cha kireni chomangirirapo injini ikatuluka m'galimoto. Imeneyi ndimaiyamikira, chifukwa kuphwasula injini itagona patayala lakutha, mchenga ukulowa m'mabering'i, ndi kumene kumabweza galimoto kugalaja mwezi usanathe. Pasitandi injini imaima chapamchiuno, ndipo umaitembenuza mmene ukufunira. Koma ili ndi timiyambo take. Imagwira injini pamabowo amene pamamangidwa giyabokosi, ndipo mabawuti ake sabwera m'katoni, poti injini iliyonse ili ndi mazinga akeake. Mabawuti a galimoto yomweyo amafupika. Ndiye Loweruka masana, injini ikulendewera pakireni, mwini wake ali pakabaza kupita kumsika kukasaka mabawuti anayi aatali, olimba, bawuti yachitsanzo ili m'thumba la malaya. Sitandi ya matayala atatu ndi yotchipa ndipo imagwa msanga ukaikankha mokhota. Ya matayala anayi ndiyo ya munthu wofuna zala zake zakumapazi. Ukaimanga injini osalinganiza kulemera kwake pakati, kungosolola pini imadzitembenukira yokha mwaukali, chogwirira chake n'kukupeza pachibwano. Ndipo ngati oyilo ndi madzi sunakhetse, zonse zimakhuthukira pakhonde limene mayi akunyumba apaka polishi m'mawa womwewo.

Injini munthu amaitsitsa mwina kamodzi pa zaka zingapo. Masiku ena onsewo kireni imafuna pokhala, ndipo ngakhale ipindidwe miyendo imadya malo a firiji. Mwayi wake ngwakuti sikhalitsa pakhomo. Dera lonse linaiona. Imapita kwa aneba, kuchoka apo kwa msuweni wa aneba, n'kubwerako jeke ikudontha oyilo, pamene panali pini pali msomali wa mainchesi sikisi. Pa Khirisimasi amadzaibwereka a kutchalitchi kuti apachikepo mbuzi posenda, ndipo kunena zoona ntchito imeneyo imaigwira bwino kwambiri.

Kubwezera injini m'galimoto ndiye nkhani ina. Mawaya onse akufanana, zithunzi zimene anajambula pafoni zikuonetsa chala chake chachikulu, ndipo mabawuti ali m'chidebe chimodzi, aatali ndi aafupi pamodzi. Pakatha milungu ingapo akuyendera minibasi, amaimbira makaniko yemwe uja ankamuthawa. Makanikoyo amabwera ndi anyamata ake awiri, amayang'ana chidebe, amapukusa mutu, n'kutchula mtengo woposa umene akanatchula poyamba. Kenako amazungulira kireni, kuipopa kawiri, kuisisita.

"Bwana, chida ichi mukatopa nacho mundiuze. Theka la mtengo nditha kupereka."

Bwana asanatsegule pakamwa, mawu amachokera kukhitchini: "Tengani lero lomwe, achimwene. Ndi chinzake chotembenuzacho."