Ulemu Upite kwa Bulauzi ya Makwinya

Pa zovala zonse zimene munthu angasoke m'nyumba mwake, palibe choposa bulauzi ya makwinya, ndipo amene akutsutsa abwere ndi sizasi yake tidzaonane. Siketi ya chitenje ndi ntchito ya ana: kudula, kulumikiza, kupinda m'munsi, basi yatha. Koma bulauzi yokhala ndi makwinya m'khosi, m'mapewa ndi kumapeto kwa manja, imeneyo ndiyo mfumukazi. Ikalowa m'nyumba imalamula kuyambira madzulo mpaka tambala woyamba. Ndiwo zimapserera pamoto, ana amagona osasamba, bambo awo amayenda monyang'ama kuopa kuponda mapini, koma palibe wodandaula mokweza.

Taganizani nzeru zake. Anthu a ku fakitale amavutika kuwomba nsalu, kuijambula maluwa ndi kuiwongola kuti ifike m'sitolo ili see, yopanda khwinya ngakhale limodzi. Ife timaigula ndi ndalama za thukuta, n'kufika nayo kunyumba, n'kuyamba kuikwinya mwadala. Tikamaliza timakoleza makala m'simbi kuti tiisite, koma mosamala kwambiri, ndi kunsonga kokha kwa simbi, kuopa kuti makwinya tavutikirawo angawongoke. Kusita chinthu chimene sukufuna kuti chiwongoke! Ndi chovala chiti china chimene chinafikapo pa ulemerero wotere?

Ndiye kudya kwake nsalu. Lamulo la osoka n'loti kansalu kokwinya katalike kawiri kuposa malo amene kakukakhala, kapena kamodzi ndi theka ngati nsalu ndi yokhuthala kapena mwiniwake ndi woumira. Khosi la masentimita 60 limafuna masentimita 120. Chitenje cha mamita awiri chimene chikanakupatsani bulauzi ndi duku chimathera m'mapewa, duku n'kukabwereka kwa alamu. Nthawi zina ndimaganiza kuti akuluakulu ena a m'maofesi anaphunzira bajeti kwa ife. Ndalama za msewu wa makilomita awiri zimakwinyidwa bwinobwino mpaka kukwanira kilomita imodzi, ndipo pa tsiku lodula riboni aliyense amaomba m'manja kuti zakongola. Kusiyana kwake n'koti ife nsalu yonse imaoneka pamene yapita.

Koma chimene ndimachigwadira kwenikweni ndi ulusi. Mumasoka mizere iwiri m'mphepete mwa kansalu kaja, masitichi ake ataliatali, osabwerera m'mbuyo kuti mumange, n'kusiya michira ya ulusi uku ndi uku. Kenako mumagwira ulusi wa pansi, wochokera ku bobini, n'kumakoka pang'onopang'ono kwinaku mukukankha nsalu ndi chala. Makwinya amayamba kubadwa, limodzi limodzi, okongola moti mumayamba kudziona mutafika kale pa chinkhoswe, anthu akunong'onezana. Ulusi umenewu ndi woleredwa bwino, amayi anzanga. Suduka poyambirira ayi, pamene munthu sunataye kanthu. Umakuperekezani ulendo wonse, umadikira mpaka patsale chikhato chimodzi chokha, ndiyeno thu! Makwinya onse n'kumasuka, nsalu n'kubwerera mmene inachokera kusitolo. Aphunzitsi a zosokasoka amati mzere wachiwiri uja unaikidwa kuti ukupulumutseni woyamba ukaduka. Sanakuuzeni kuti awiriwo ndi a mimba imodzi: wina akapita, mnzake sachedwa kutsatira. Apa m'pamene amayi opemphera, ovala zoyera Lachinayi lililonse, amatulutsa mawu amene sanawaphunzire ku kalasi ya ubatizo.

Makina nawo ali ndi mbali yawo. Isaac Singer analembetsa makina ake mu 1851, ndipo ambiri mwa makina akuda akale aja, opalasa ndi phazi kapena opukusa ndi dzanja, anapangidwa ku Clydebank, ku Scotland. Fakitale imeneyo inatsekedwa mu 1980, koma makina ake akanali kulira m'makonde mwathu, limodzi ndi anzawo a Butterfly ochokera ku Shanghai. Makina akale a Singer ankabwera ndi kabokosi ka tizitsulo, ndipo m'menemo munkakhala kachitsulo kokwinyira nsalu, kogwira ntchito yonse yokoka ulusi ija m'kanthawi kochepa. Funsani m'banja lililonse kumene kanapita. Agogo anakasunga pabwino, pabwino pakepo palibe akupadziwa, mwina kanathera pa galimoto ya mawaya ya amalume ali mwana. Amene anagula makina a magetsi asatiseke. Magetsi athu nawo analeredwa kumodzi ndi ulusi uja: amathima dzanja limodzi la bulauzi litasokedwa, linalo likanali pa mapini. Chidziwitso chopepesa chimabwera mawa lake, chinkhoswe chitatha.

Tisaiwale kuti makwinya anatigwira dzanja pa nthawi yovuta. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi a m'Malawi kuvala mathalauza ndi masiketi osafika m'mawondo, koma silinanene kanthu za kutambalala kwa mapewa. Kumunsi kunali malire, kumtunda kunali ufulu, ndipo mayi ankatha kukwinya mmene mtima wake wafunira popanda wapolisi womuyeza.

Mukaimaliza, ngati mungaimalize, ulemu wake umapitirira. M'minibasi, pampando wa anthu atatu pomwe kondakitala waikapo anayi, dzanja lanu la kumanja limakhala pa nkhope ya bambo osawadziwa, la kumanzere likupukuta zenera. Pa chakudya, makwinya a m'manja ndiwo amayamba kulawa msuzi inu musanateme mbamu. Pa perekaniperekani pokha m'pamene amabweza ngongole, chifukwa ndalama imene wina waponya mwachisawawa imatha kukodwa m'mapewa n'kufika nanu kunyumba. Amenewo ndi madalitso, osati kuba. Kunja bulauziyo imachititsa kaso, koma musalole apongozi kuitembenuza poichapa, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: mfundo, michira ya ulusi wa mitundu itatu, ndi pini imodzi imene mudzaipeze ndi khungu lanu muli m'kati mwa tchalitchi.

Otsala ndi aneba. Makina akangolira, kuseri kwa mpanda kumatuluka mitu. "Odi kuno! Kodi mayi a kuno mumasoka eti? Ndili ndi kansalu kanga, si kambiri, mungondiikirako timakwinya pang'ono." Timakwinya pang'ono! Ulusi sabweretsa, za malipiro amati tidzaonana, ndipo pochoka amabwereka bobini. Loweruka lotsatira mudzawaona atavala ya makwinya ya pa kaunjika, yosokedwa ndi makina a ku fakitale, yolingana mbali zonse, mtengo wake wosafika pa wa nsalu yanu, n'kumakufunsani mwachifundo kuti, "Yanuyi phewa linali lakwera dala?" Inde mayi, lakwera dala, ndiyo sitayilo yake, ndipo m'tauni monse simupeza wina wovala yofanana nayo.

Choncho mukamva makina akulira pakati pa usiku, kenako n'kukhala zii, musagogode. Ulusi waduka, ndipo mwini nyumba sali pabwino. Inunso aneba, bobini yanga ija ibwere Lachisanu lisanafike, kuli chinkhoswe cha mwana wa achemwali.