Ine ndi Iran Mlandu Wathu N'umodzi

Mavuto a Iran ndimawamvetsa kuposa akatswiri a pa wailesi, chifukwa nanenso ndili pa zilango za zachuma, ndipo wondilangayo timadyera mbale imodzi.

Mlandu wa Iran wagona pa uranium, mwala womwewu wa ku Kayelekera ku Karonga. Ukayengedwa pang'ono umayatsa magetsi, koma ukafika 90 peresenti ndiye kuti ndiwo za bomba zapsa. Mu 2015 ku Vienna, Iran idalonjeza America, Britain, France, Germany, Russia ndi China kuti sidzapyola 3.67 peresenti, iwo n'kumasula zilango. Mu 2018 a Donald Trump adatuluka mumgwirizanowo n'kubwezeretsa chikwapu. Pofika 2021 Iran idali pa 60 peresenti, uku ikulumbira kuti cholinga chake n'chamtendere.

Nanenso ndidalumbira choncho tsiku limene mayi a kunyumba adapeza ndalama m'sokosi yanga. Ndidati n'za feteleza. Akatswiri amati magetsi safuna uranium wa 60 peresenti. Mayi adati munthu wopanda munda safuna feteleza.

Zilango zidayamba usiku womwewo. Mabanki a Iran adachotsedwa pa SWIFT, ine khadi yanga ya kubanki idasamukira m'chikwama cha mayi. Iran imagulitsa mafuta ake ku China mozemba, pamtengo wolira. Ine ndidagulitsa tambala kwa aneba chimodzimodzi, koma tambalayo m'mawa mwake adalira kuseri kwa mpanda n'kundiulula.

Oyendera nawo alipo. Iran ili ndi bungwe la IAEA la a Rafael Grossi, ine ndili ndi alamu. Safuna kalata, amangofika nthawi ya nsima, maso ali m'matumba mwanga. Iran idakumba malo ake a Fordow pansi pa phiri, koma mu June 2025 mabomba a America adawalondola komweko, pamodzi ndi Natanz ndi Isfahan. Fordow wanga adali kunsi kwa matiresi. Sipadafunike ndege, tsache lidakwana.

Chimene chimandiwawa n'chakuti olangawo eni ake mabomba ali nawo. Mayiko asanu okhala ndi mipando yosachoka ku Security Council onse ali ndi zida za nyukiliya, ndipo Israel sivomera kapena kukana. Kwathunso mayi ali ndi ndalama za banki m'khonde zomwe palibe amaziyendera. Nditafunsa kuti n'zingati, adandiyang'ana kamodzi kokha. Veto ija mumaimva ku New York, ine ndimaiona ndi maso.

Ndipo zilango sizigwera akuluakulu. Ku Tehran wolira ndi mayi wogula buledi ndi ndalama ya rial yomwe yasanduka pepala. Kuno wolira ndi mayi wina wophika kachasu, yemwe bizinesi yake yagwa chisiyireni ine kuonekera.

Anzanga a pa bawo akuti nditengere South Africa, yomwe idapanga mabomba 6 n'kuwaphwasula yokha, a F.W. de Klerk n'kuulula mu 1993. Kuyankhula n'kosavuta ukakhala mbeta yamphongo.

Iran ikafuna kukambirana ndi America imadzera kwa Oman. Tsono inu ankhoswe anga, ngati mukuwerenga, fikani msanga. Bwerani ndi yanu ya minibasi, chifukwa yobwererayo ndilibe.